Mwera ndi Mabwato: Werengani Musanapite ku Nyanja pa 6 Julaye

Anzanga, tchuthi cha 6 Julaye chayandikira, ndipo ndamva kale timagulu tikunong'onezana kuseri kwa kalasi za ulendo wa ku Senga Bay. Ena asonkha kale ndalama ya galimoto. Ena akuti akakwera boti mpaka ku chilumba cha Namalenje, chija alendo amati Lizard Island. Palibe cholakwika. Tsikuli ndi limene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ndiye kusangalala n'koyenera. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ambiri a inu ochokera m'midzi ya kumtunda simukuchiwerengera. Tchuthi chimenechi chimagwa pakatikati pa nyengo yozizira, ndipo kunyanja nyengo yozizira ndi nyengo ya mwera.

Ine kwathu ndi kugombe komweko. Usiku ndimagona ndikumva mafunde. Amalume anga ndi msodzi, ndipo Loweruka ndimawathandiza kukoka bwato ndi kukapa madzi. Sindine katswiri ayi. Ndangolumikiza zomwe ndimaona kwathu ndi zomwe timaphunzira m'kalasi, kuti amene mupite mukabwereko bwino.

Kodi mwera n'chiyani?

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa. Imayamba kumveka cha mu Meyi, imalimba mu Juni ndi Julaye, ndipo imafika mpaka mu Ogasiti. M'miyezi imeneyi mpweya wozizira wa kummwera kwa Africa ndi ku nyanja ya mchere ya India umakankhika kubwera kuno. Ndi mpweya womwewo umene umabweretsa chiperoni ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Kumeneko amaona nkhungu ndi mvula yowaza, ife kuno timaona mafunde.

Mwera suwomba mofanana tsiku ndi tsiku. Umatha kuwomba masiku atatu kapena anayi osapuma, kenako n'kuleka, nyanja n'kukhala bata ngati madzi a m'beseni. Apa ndi pomwe alendo amapusitsika. Amafika m'mawa, dzuwa lili ngwee, kumwamba kulibe mtambo, ndiye amati kunja kuli bwino. Anazolowera kuti choopsa chimabwera ndi mitambo yakuda. Zimenezo n'za nthawi ya Khirisimasi, pomwe kumawomba mpoto ndipo mvula ndi ziphaliwali zimakuchenjeza zikadali patali. Mwera ulibe mwambo umenewo. Umafika dzuwa likuwala.

N'chifukwa chiyani mafunde amakula chonchi?

Tayang'anani mapu a m'buku la Jogalafe. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560 kuchokera kummwera kukafika kumpoto, koma m'mimba mwake ndi yopapatiza, pafupifupi makilomita 75 pamalo otambalala kwambiri. Yagona m'chigwa, mapiri uku ndi uku. Tsono mwera ukalowa m'chigwamo umayenda motsata utali wa nyanja, ngati mpweya wa m'paipi, popanda mtengo kapena phiri louletsa. Mphepo ikamayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, mafunde amakulirakulira. N'chifukwa chake anzathu a ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga amaona mafunde aakulu kuposa a ku Mangochi. Kuno ku Salima nako si zamasewera, makamaka ukangotuluka pamalo otchingidwa ndi phiri n'kulowa poyera.

Chinanso, nyanja yathu ndi yakuya. Kumpoto imafika pafupifupi mamita 700. Ngakhale kuno, ukangochoka pagombe pang'ono phazi silifikanso pansi. Kudziwa kusambira m'dambo kapena mumtsinje wa kwanu si kudziwa kusambira pakati pa mafunde.

Mabwato athu

Pagombe mukapeza mitundu iwiri. Loyamba ndi bwato losema, la mtengo umodzi. Agogo amati kale ankasema mitengo ikuluikulu monga mbawa, koma inatha, moti masiku ano ambiri akusema mitengo ya mango. Bwato lotere ndi lopapatiza ndipo pansi pake ndi pobulungira. Msodzi amakhala m'mphepete mwake, miyendo m'kati, n'kumapalasa ndi nkhafi. Mukamuona mumati n'zophweka, eti? Zoona zake n'zakuti thupi lake likugwira ntchito nthawi yonse. Funde likabwera kumanzere amapendekera komweko osaganiza n'komwe, chifukwa anayamba ali mwana. Munthu wachilendo amachita zosiyana. Bwato likapendekeka amadzidzimuka, n'kuimirira kapena kugwira mnzake, basi onse m'madzi.

Mu Fizikisi timaphunzira kuti chinthu chimakhazikika bwino ngati kulemera kwake kuli m'munsi. M'bwato ndi chimodzimodzi. Ukakhala pansi kulemera kuli m'munsi. Ukaimirira kuti ujambulitse, wakweza kulemera m'mwamba, ndipo kafunde kakang'ono n'kokwanira kuligubuduza.

Lachiwiri ndi boti la matabwa, lina la injini, lina lopalasa. Limeneli ndi lotambalala, silipendekeka msanga, ndipo ndi lomwe limanyamula alendo. Vuto lake ndi lina. Eni ake amalipiritsa pa mutu, ndiye pa tsiku la chikondwerero mtima umafuna kuonjezera munthu mmodzi, kenako wina. Munthu aliyense wokwera amatsitsa boti m'madzi pang'ono. Poyamba m'mphepete mwa boti mumakhala patali ndi madzi, koma likadzaza pamangotsala mpata wonga chikhatho. Pa bata limayenda ndithu. Mwera ukadzuka, funde lililonse limathira madzi m'kati, boti limalemera, limatsikanso, funde lotsatira limathira ochuluka. Mukuona mmene zimayendera?

Zomwe ndinaona chaka chatha

Pa 6 Julaye chaka chatha kunabwera achinyamata ambiri a m'tauni, ena ndi mawailesi, ena ndi nyama yootcha. Msuweni wanga wa ku Lilongwe analinso kwathu. M'mawa nyanja inali bata, koma amalume anali atakokera bwato lawo kumtunda, akusoka ukonde pansi pa mtengo. Msuweni anawapempha kuti atiperekeze ku chilumba. Iwo anangoloza kummwera n'kunena kuti, “Iwe, ukuuona mzere wakuda uwo pamadzi? Lero sitipita. Khalani pansi mudye mbatata.”

Msuweni anakwiya. Anati anthu a kumudzi ndife amantha, poti boti lina linali likukweza anthu pomwepo. Ndisaname, nanenso mtima unandipweteka, ndinaona ngati amalume atichititsa manyazi. Botilo linanyamuka litadzaza, ena atakhala m'mphepete, nyimbo zili pakamwa.

Sipanathe ola. Mphepo inayamba kuulutsa mchenga, pamwamba pa mafunde panayamba kuoneka thovu loyera. Tinaona boti lija likubwerera, likukwera ndi kutsika, nthawi zina osaoneka n'komwe. Nyimbo zinali zitatha. Litayandikira gombe, anthu anathamangira mbali imodzi kuti atsike msanga, funde n'kulimenya cham'mbali, lonse n'kudzaza madzi. Mwayi wake panali posaya, ndipo asodzi, amalume ali pomwepo, anathamangira m'madzi kukawavuula. Palibe anamwalira. Koma mafoni anapita, nsapato zinapita, ndipo mtsikana wina anamwa madzi ambiri moti anathamangira naye kuchipatala. Ena ankanjenjemera osatha kuyankhula, chifukwa ukavuuka ndi zovala zonyowa mphepo ya Julaye imalowa mpaka m'mafupa. Zikanachitikira pakati paja, bwenzi tikunena zina.

Madzulo ake msuweni anangoti, “Amalume, pepani.” Iwo anaseka n'kumupatsa ukonde kuti awagwirire.

Si mabwato ang'onoang'ono okha

Mwina wina akuti zimenezi n'za timabwato. Ayi ndithu. Pa 30 Julaye 1946, sitima yatsopano yotchedwa Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanjayi ikuchokera ku Mbamba Bay, ndipo anthu 145 anamwalira. Inali sitima yachitsulo, ya injini, yokhala ndi kapitawo wophunzira. Taonani mwezi wake: Julaye. Ilala yomwe timaidziwa inayamba kuyenda mu 1951, ngoziyo itachitika kale. Ngati nyanja inagonjetsa sitima, nanga boti la matabwa lodzaza ana a sukulu?

Mwera ndi moyo wa kugombe

Kwa inu mwera ungokuonongerani tsiku limodzi. Kwa ife umalowa mpaka m'mbale. Usipa amaupha usiku ndi ukonde wa chilimira. Munthu mmodzi, yemwe timamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti usipa usonkhane, anzake n'kuzunguliza ukonde. Ntchito imeneyi imafuna nyanja yodekha. Mwera ukalimbikira sabata yathunthu, nyali zija simuziona usiku, mathandala oyanikapo nsomba amakhala opanda kanthu, amayi ogula usipa kukagulitsa ku Salima ndi ku Lilongwe amangokhala, ndipo pamsika kamulu kamachepa mtengo n'kukwera. Kunyumba timadya nsima ya masamba ngakhale tikukhala moyang'anana ndi nyanja. Anzathu ena a m'midzi ya kugombe akachedwa kulipira ndalama za sukulu teremu ino, musawaseke. Nthawi zambiri ndi mwera umenewo.

Choopsa n'chakuti njala ikafika, asodzi ena amalowabe m'madzi akudziwa kuti kunja sikuli bwino. Ambiri amene timamva kuti asowa panyanja m'miyezi imeneyi si kuti sankaidziwa nyanja. Ankafuna ndiwo ndi ndalama ya ufa.

Komabe asodzi sautukwana mwera, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa titaphunzira. Mphepoyi imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kummwera kwa nyanja, madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake, ndipo amabwera ndi chonde chomwe chinadikha pansi. Chondecho chimameretsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya tizomerato, usipa n'kumadya tizilomboto. Usipa nawo ndi chakudya cha ncheni ndi kampango. Ndiye mphepo yomwe imatigoneka ndi njala mu Julaye ndi yomwenso imathira manyowa m'munda wa asodzi. Kuithawa sitingathe, kuiletsa sitingathe. Chomwe timachita ndi kuidikira kuti idutse.

Tsono mukapita, chitani izi

Choyamba, mverani wailesi dzulo lake. A nthambi yoona zanyengo amalengeza mwera ukamabwera, ndipo amatchula nyanja ya Malawi ndi nyanja zina monga Chilwa ndi Malombe. Akachenjeza, za boti iwalani.

Chachiwiri, mukafika yang'anani asodzi, osati alendo anzanu. Mukaona mabwato ambiri ali kumtunda, eni ake akusoka maukonde kapena kusewera bawo masana, dziwani kuti pali chifukwa. Funsani wamkulu mmodzi mwaulemu kuti, “Bambo, kodi lero nyanja ili bwanji?” Adzakuuzani zoona, chifukwa iye sakufuna ndalama yanu. Paja safunsa anadya phula.

Chachitatu, bwato losema musakwere ngati simunakulire nalo, ngakhale mnzanu akuti amatha kupalasa.

Chachinayi, musanakwere boti funsani majekete oyandamitsa, ndipo muvale n'kumanga zingwe zake, osati kukhalira. Ngati palibe, kapena mukuona kuti m'mphepete mwa boti mwayandikira madzi, tsikani. Anzanu akusekani mphindi zisanu, basi. Ndalama yomwe mwalipira isakupwetekeni mtima.

Chachisanu, m'boti khalani pansi pomwe akuuzani. Osaimirira, osasinthana malo, osathamangira mbali imodzi. Pofika tsikani mmodzimmodzi. Woyendetsa akamanunkha mowa, musakwere n'komwe.

Chachisanu n'chimodzi, zikavuta boti n'kugubuduzika, musalisiye kuti musambire kupita kumtunda. Gombe limaoneka pafupi koma lili patali. Bwato ndi boti la matabwa kawirikawiri zimayandamabe ngakhale zitadzaza madzi, ndiye gwirani pomwepo. Okupulumutsani amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20, chotsekedwa bwino, chimatha kunyamula makilogalamu pafupifupi 20 m'madzi, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti mutu wanu ukhale pamwamba. Mnzanu akamamira musamulumphire ngati simunaphunzire kupulumutsa munthu, chifukwa womira amakakamira ndipo mumira awiri. Muponyereni chigubu, chingwe kapena mupatseni nkhafi, uku mukukuwa.

Chomaliza, tengani juzi ndi zovala zina zouma, ndipo makolo adziwe komwe mwapita ndi amene mwapita nawo. Zozemba kunyumba ponama kuti mukupita ku sitade, ayi.

Sindikuti musabwere. Bwerani ndithu, nyanja ndi yathu tonse, ndipo Julaye ali ndi ubwino wake: kulibe matope, udzudzu ndi wochepa, mchenga suotcha mapazi. Pali mpira wa pamchenga, pali kusamba m'mbali mosaya pomwe pali anthu, pali nsomba yootcha ngati asodzi anapita. Mukapeza nyanja yadekha, boti lili ndi majekete ndipo silinadzaze, kwerani mukaone chilumba. Mukapeza mwera, chilumbacho sichisamuka, mudzachipeza mu Okutobala.

Amene muli ndi mafunso mundipeze pa buleki. Ndipo amene mufike kwathu pa 6 Julaye, mukaona bwato la amalume lili kumtunda, musavutike n'kufunsa. Bwerani tidzadye mbatata.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2