Mazenera a mu kompyuta: ena atsekera kumanja, ena kumanzere

Nkhani ya lero ndi ya mazenera a mu kompyuta, makina amene masiku ano muli kuwaona ku maofesi a boma, ku sukulu za sekondale, ku zipatala ndi m'timasitolo tojambula mapepala ku Ulongwe ndi ku Zóbue. Makolo ambiri ali kugulitsa kachewere ndi chimanga kuti mwana akaphunzire kompyuta. Mwana abwerako ndi setifiketi. Tsiku loyesedwa ntchito amukhazika pa kompyuta ya mtundu wina, ndipo iye asowa ngakhale potsekera kalata imene walemba. Ntchito ija aipereka kwa wina. Tiyeni tione chimene chimasokoneza mwanayu, ndi mmene angadzithandizire.

Kodi zenera n'chiyani?

Mawu akuti zenera makolo athu anabwereka ku Chipwitikizi, kumene amati janela. Mu kompyuta, zenera ndi kabwalo ka ngodya zinayi kamene kamaoneka pa galasi mukatsegula ntchito ina iliyonse. Kalata ili ndi zenera lake, ndondomeko ya maina ili ndi lake, intaneti ilinso ndi lake. Galasi ndi limodzi koma ntchito ndi zambiri. Choncho pafunika lamulo lonena kuti zenera liti likhale patsogolo, liti libisike, liti litsekedwe.

Lamulo limeneli limachokera ku pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Mapulogalamu otere odziwika alipo atatu: Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ya kampani ya Apple, ndi Linux imene ilibe mwini mmodzi. Dzina lakuti Windows m'Chingerezi litanthauza mazenera amene.

Kusanjikiza kapena kuyala

Amayi akatsuka mbale angathe kuzisanjikiza, ina pamwamba pa inzake, kapena kuziyala pa thandala kuti iliyonse ioneke. Akasanjikiza, malo satha koma ya pansi sioneka. Akayala, zonse zioneka koma thandala lidzala msanga. Mkangano wa mazenera ndi womwewu, ndipo unayamba kale.

Ku America, pa malo ofufuzira a kampani ya Xerox mu mzinda wa Palo Alto, akatswiri anapanga kompyuta yotchedwa Alto mu 1973. Kumeneko ndiko kunakula nzeru ya mazenera osanjikizana ngati mapepala pa tebulo. Apple inatengera nzeruyo mu kompyuta yake ya Lisa mu 1983 ndi Macintosh mu 1984. Microsoft itatulutsa Windows yoyamba mu 1985, mazenera ake anali oyala, osakwerana. Mu 1987 Windows yachiwiri inayamba kusanjikiza, ndipo mu 1988 Apple inasumira Microsoft ku bwalo la milandu kuti yaba maonekedwe a makina ake. Mlanduwo unatenga zaka, mpaka mu 1994 bwalo la apilo linagamula mokomera Microsoft pa mfundo zazikulu. Lero onse atatu amasanjikiza, ndipo onse atatu anapezanso njira zoyalira. Kusiyana kuli pa malo a mabatani ndi pa tanthauzo la mawu akuti kutseka.

Windows: zonse kumanja

Iyi ndiyo imene ambiri mwa ana athu amaphunzira. Pa ngodya ya kumtunda kumanja kwa zenera lililonse pali zizindikiro zitatu: kamzere, kabokosi ndi X. Kamzere kamabisa zenera, kabokosi kamalikulitsa kuti lidzaze galasi, X amalitseka. Kakhalidwe kameneka kanabwera ndi Windows 95 mu 1995, pamodzi ndi mzere wa pansi pa galasi umene mu kompyuta za Chipwitikizi umatchedwa barra de tarefas. Zenera lobisidwa silinatayike ayi. Limadikira pa mzere umenewu, ndipo mukalikhudza ndi mbewa, kachida kolozera kaja kamene Apwitikizi amati rato, libwerera mmene linalili.

Mu Windows, zenera lililonse limanyamula mndandanda wake wa malamulo, monga Ficheiro ndi Guardar, pamutu pake. Mukatseka zenera lomaliza la pulogalamu, kawirikawiri pulogalamuyo yathanso pomwepo. Kuti musinthe kuchoka pa zenera lina kupita pa lina, mugwire batani la Alt ndi kudina Tab.

Mu 2009 Windows 7 inabweretsa chinthu chothandiza kwambiri alembi. Mukakoka zenera mpaka m'mphepete mwa galasi, kumanja kapena kumanzere, lokha limadzikonza kutenga theka la galasi. Tinene kuti mlembi wa bungwe la alimi ali kukopera maina a mamembala kuchokera mu kalata kupita mu ndondomeko ya feteleza. Akaika kalata theka lina, ndondomeko theka lina, maso ake aona zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo sadumpha dzina la munthu. Windows 10 ya mu 2015 inawonjezera kugawa galasi panayi. Windows 11 ya mu 2021 imakuonetsani zithunzi za magawidwe osiyanasiyana mukaimika mbewa pa kabokosi kaja.

Mac: kutseka khomo si kuzimitsa moto

Makompyuta a Apple ndi okwera mtengo ndipo kuno kwathu saoneka kawirikawiri. Komabe mwana wopita kukagwira ntchito ku Tete, ku Beira, ku Maputo kapena ku Johannesburg angathe kukumana nawo, makamaka kwa ojambula zithunzi ndi okonza nyimbo.

Choyamba chodabwitsa mlendo n'chakuti kumanja kulibe X. Mabatani ali kumanzere, ndipo ndi timadontho titatu: kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Timadontho timeneti tinayamba ndi Mac OS X mu 2001. Kachikasu kamabisa zenera pa mzere wa zithunzi wotchedwa Dock. Kobiriwira kamadzaza galasi lonse, mpaka timadontho tomwe tija tibisika. Munthu wosadziwa amaganiza kuti watsekeredwa m'kati, pamene chofunika ndi kukankhira mbewa kumtunda kwenikweni kuti tionekenso.

Chachiwiri, mndandanda wa malamulo suli pa zenera. Ulipo umodzi wokha, pamwamba pa galasi lonse, ndipo mawu ake amasintha malinga ndi pulogalamu imene ili patsogolo.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kadontho kofiira kamatseka zenera, koma mapulogalamu ambiri amapitirira kugwira ntchito mobisika. Zili ngati mayi amene watseka khomo la khitchini moto uli kuyakabe: nkhuni zili kutha ngakhale kunja sikuoneka kanthu. Kuti pulogalamu ithe, mugwire batani la Command ndi kudina Q. Kadontho kakang'ono kunsi kwa chithunzi pa Dock ndiko kamakuuzani kuti moto ukadayaka. Ndiponso Command ndi Tab zimasintha mapulogalamu athunthu, osati zenera limodzilimodzi monga mu Windows.

Kumene Apple inatsogola ndi pa kupeza zenera lotayika pansi pa anzake. Mu 2003 inabweretsa Exposé, imene ndi batani limodzi imachepetsa mazenera onse ndi kuwamwaza pa galasi ngati ufa pa mphasa, kuti musankhe limene mufuna. Kuyambira 2011 ntchitoyi ili mu Mission Control. Koma kukokera zenera m'mphepete kuti litenge theka la galasi, monga Windows inachitira mu 2009, kunafika pa Mac mu 2024.

Linux: mwini nyumba asankha yekha

Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ndi yaulere, ndipo aliyense wodziwa angathe kuisintha. Pa Windows ndi pa Mac, kampani ndiyo inamanga nyumba ndi kuika mazenera. Pa Linux, gawo loyang'anira mazenera ndi pulogalamu yapayokha imene munthu angachotse n'kuikapo ina. N'chifukwa chake makompyuta awiri a Linux angaoneke ngati sali pachibale.

Maonekedwe otchedwa KDE, amene anayamba ku Germany mu 1996, amafanana ndi Windows: mabatani atatu kumanja ndi mzere wa pansi. Xfce ndi yopepuka, ndipo imayenda bwino pa makompyuta okalamba. GNOME, imene anayambitsa anyamata awiri a ku Mexico mu 1997, inasintha kwambiri mu 2011. Inachotsa kamzere ndi kabokosi, n'kusiya X yekha. M'malo mobisa zenera, mumadina batani lija lili ndi chizindikiro cha Windows pa kiyibodi, ndipo mazenera onse amayalidwa pamaso panu.

Pali Linux ina yotchedwa Ubuntu imene inayamba mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi lomwe ife timati umunthu. Ubuntu ndiyo chitsanzo chabwino chakuti malo a mabatani si lamulo la chilengedwe: mu 2010 inawasamutsira kumanzere, mu 2017 inawabwezera kumanja.

Alipo enanso, makamaka olemba mapulogalamu, amene safuna kusanjikiza konse. Iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga i3 ya mu 2009. Mukatsegula zenera limodzi, lidzaza galasi. Mukatsegula lachiwiri, galasi ligawika pakati lokha. Lachitatu likabwera, malire asunthanso, monga munda wa banja umene ugawidwa ana akamakula. Palibe zenera lobisa linzake, koma zonse zimayendera kiyibodi, ndipo munthu watsopano amafunika womuphunzitsa.

Chinthu china chimene ogwiritsa ntchito Linux anazolowera kuyambira zaka za m'ma 1990 ndi matebulo angapo mu kompyuta imodzi. Ntchito za ofesi muziika pa tebulo loyamba, makalata anu pa lachiwiri, ndipo musintha tebulo lonse nthawi imodzi. Mac inalandira zimenezi mu 2007, Windows mu 2015.

Chifukwa chake nkhaniyi ili kutikhudza

Makompyuta ambiri amene amafika m'maboma a m'malire ndi ogwirapo kale ntchito kwina. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Kompyuta yotere imayakabe ndipo imalembabe makalata, koma ikapanda kulandira zokonza za chitetezo, mbava za pa intaneti zimalowamo mosavuta. Windows 11 imafuna makina atsopanoko, okhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makompyuta akale ambiri sakwanitsa zimenezi. Sukulu kapena bungwe lopanda ndalama zogulira atsopano lili ndi njira ina yoikamo Linux. Zikatero, mwana amene analoweza pamtima malo a mabatani a Windows yokha adzaona zachilendo pa kompyuta imene anaphunzirapo yomwe.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mphunzitsi wabwino wa kompyuta aphunzitse mwana ntchito ya batani, pakuti malo ake amasintha. Inu makolo, musanapereke ndalama ku sukulu ya kompyuta, funsani ngati ana amakhudzako makina a mitundu iwiri. Funsaninso ngati mwana aliyense amakhala yekha pa kompyuta, kapena amangoonerera mnzake.

Mafunso asanu a pa kompyuta yachilendo

Inu anyamata ndi atsikana, mukakhala pa kompyuta imene simunaionepo, musanjenjemere. Musanalembe kanthu, fufuzani mayankho a mafunso awa.

Loyamba: potsekera pali kuti? Yang'anani ngodya zonse ziwiri za kumtunda kwa zenera.

Lachiwiri: ndikatseka zenera, kodi pulogalamu yatha kapena ikadayaka?

Lachitatu: zenera lobisika limapita kuti? Yang'anani pansi pa galasi, kapena m'mbali mwake.

Lachinayi: ndisintha bwanji ntchito? Yesani Alt ndi Tab pa Windows ndi pa Linux, Command ndi Tab pa Mac.

Lachisanu: ndiika bwanji mazenera awiri pambali pa linzake? Gwirani zenera pamutu pake ndi kulikokera m'mphepete. Pa Windows, pa Linux yambiri ndi pa Mac yatsopano zimatheka.

Pomaliza, pali lamulo limodzi limene ndi lofanana pa makina onse atatu. Kubisa zenera si kusunga ntchito. Kalata imene simunasunge ingathe kupita ndi magetsi akazima, ngakhale zenera lake linali lobisika bwino. Dinani Guardar kawirikawiri. Kompyuta ikakufunsani ngati mufuna kusunga musanatseke, werengani funsolo mpaka kumapeto, kenaka muyankhe. Pamene simunamvetse, funsani amene ali pafupi, pakuti safunsa anadya phula.

Amene mwawerenga tsambali, fotokozeraniko anzanu amene ali ndi ana ku sukulu.