Msomali Wamoto Ndinaupumitsa

Kwa zaka 11 chida changa chachikulu chinali msomali wa mainchesi 6 wokhomeredwa pa kachigwiriro ka mtengo. Ndinkauika pambaula mpaka ufiire kuti psuu, kenako n'kumalemba nawo mayina pamatabwa, pazikho ndi pamitanda yapamanda. Kashopu kanga kali pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1. Amene amalidziwa dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, angoganizira munthu atawerama pamakala kuyambira m'mawa. Chilembo chimodzi, msomali wazizira. Kuubwezera pamoto, kupemerera, kudikira. Zokolekera makiyi 20 zinkanditengera masiku awiri, ndipo zala zanga zili ndi zipsera mpaka lero.

Ntchito zikuluzikulu zinkangodutsa ine ndikuona. Ofuna mabaji a sukulu kapena zikwangwani zooneka bwino ankakwera minibasi, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, n'kukwera mapiri kukafika ku Blantyre. Tsiku lina kunabwera amayi ena a ku Ngabu, akufuna tizikumbutso 150 ta ukwati wa mwana wawo, sabata imodzi yokha. Ndinawerengera pazala n'kuyankha kuti, "Pepani amayi, sindingakwanitse." Anandithokoza mwaulemu n'kunyamuka. Usiku umenewo nsima inandikanika.

Amene ananditsekula maso ndi mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira zamagetsi ku Blantyre. Atabwera kuholide anandionetsa pafoni kamakina kolemba ndi kudula ndi kuwala, ka laser. Ndinaonera kavidiyo kameneko kasanu. Kuyambira tsikulo ndinayamba kuponya kangachepe kubanki mkhonde. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene ndinasunga zinachepa mphamvu usiku umodzi wokha. Ndinagulitsa mbuzi zitatu kuti ndiwonjezere, ndipo ndinadziwa kuti ndigula kamodzi basi, malo olakwitsa panalibe.

Mtima wanga unali pa makina aakulu a CO2, a mawati 40, aja ooneka ngati bokosi lachitsulo. Amadula msanga ndipo amadula ngakhale pulasitiki yoonekera ngati galasi. Mnyamatayo anangondifunsa kuti, "Malume, madzi ozizira muziwatenga kuti?" Makina amtunduwu ali ndi chubu chagalasi chimene chimaziziritsidwa ndi madzi oyenda nthawi yonse, ndipo madziwo akafunda chubu chimatha msanga. Kuno madzi amafunda okha mundowa dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye kuti pangafunikenso kugula choziziritsira madzi, nachonso chodya magetsi. Nanga magetsiwo? Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kutikhalira miyezi yambiri. Ndinkafuna chida choti ngakhale magetsi atazima, batire ndi sola zichiyendetse.

Apa mpamene tinatembenukira ku makina a diode, opanda chubu, opanda madzi, ongozizira ndi kafani. Onse pamodzi sadya mawati 100. Komabe pamenepanso pali msampha, ndipo ndikufuna anzanga aumve bwino. Otsatsa ena amalemba nambala yaikulu pabokosi, koma nambalayo si mphamvu ya kuwala kumene kumafika pathabwa. "Malume, funsani mphamvu yotuluka, osati yolowa," anatero mnyamatayo. A mawati 5 amalemba bwino koma kudula amachedwa. A mawati 20 thumba langa silikanawatha. Tinaima pa mawati 10, malo ogwirira ntchito a masentimita 40 mbali zonse. Amadula pulayiwudi ya mamilimita 3 bwinobwino. Chitsulo sadula, pulasitiki yoonekera sadula, thabwa lochindikala la kalipentala sadula, ndipo ndinagula ndikudziwa zonsezi. Makasitomala anga ambiri amafuna dzina, chithunzi ndi tsiku, ndipo zimenezo makinawa amazichita mosatopa.

Bokosi linafika pa kabaza Loweruka masana. Tinamanga zitsulo zake patebulo, tinaika pulogalamu yaulere ya LaserGRBL pa kalaputopu kakale, tinavala magalasi otchingira maso. Ndinatenga chidutswa cha mlombwa chimene chinatsala pa chitseko, ndipo dzina loyamba kulemba linali la amayi anga. Kadontho ka buluu kanayamba kuthamanga uku ndi uku, kautsi kang'ono kakukwera, fungo la mtengo wakupsa lomwe lija ndinalizolowera, koma popanda makala, popanda thukuta logwera pantchito. Mphindi zinayi, kwatha. Zilembo zofanana, zowongoka, m'mbali mwake mosalala ngati zosindikizidwa m'buku. Ndinadumpha, ndinakuwa, ogulitsa nzimbe pamsewu anathamanga kudzaona chachitika. Amayi, amene Chisena sichichoka pakamwa pawo, anayendetsa chala pa chilembo chilichonse pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Takhuta, mwananga." Thabwa limenelo lili pakhoma kunyumba kwawo ku Bangula.

Lero zokolekera makiyi 20 zimatha tiyi asanazizire kawiri. Ndimajambulapo nyala ya ku Lengwe ndi njovu ya ku Majete, ndipo alendo odutsa amagula zitatuzitatu. Ndimalemba pa zikho, pa zikamba za malambe, pa mabawo, pa timapale ta mpikisano wa mpira wam'midzi. Mitanda yapamanda imene inkanditengera tsiku lathunthu, anamfedwa amaitenga ola lomwelo, ndipo ichi chimandikhudza mtima kuposa ndalama, chifukwa maliro kuchigwa kotentha kuno sadikira. Ndinalemba ntchito mtsikana wina amene anamaliza Fomu 4, ndipo pakompyuta amakonza zithunzi mwaluso moti ine ndimangoyang'ana ndikumwetulira.

Makinawa ali ndi malamulo ake ndipo sindiwaphwanya. Magalasi pamaso nthawi zonse, kwa ine ndi aliyense woima pafupi, chifukwa kuwalako kumawononga diso m'kanthawi kochepa. Sindichokapo akamagwira ntchito, poti thabwa limatha kuyaka. Pulasitiki ya PVC, ija yamapaipi ndi mabanala, siyandikira, chifukwa utsi wake ndi poizoni ndipo umadyanso zitsulo. Fumbi la pa M1 limakuta kagalasi ka kumutu kwa makina, ndiye madzulo alionse timakapukuta n'kuphimba ndi chitenje. Ndalama zoyamba zitalowa ndinagula kapampu kouzira mpweya podula, ndipo m'mbali mwa pulayiwudi munasiya kuda kwambiri.

Amayi a ku Ngabu aja anabweranso chaka chino, pa chinkhoswe cha mwana wawo wachiwiri. Anafunsa mokayika ngati tizikumbutso 200 tingatheke. Ndinati, "Amayi, bwerani mkuja." Atabwera anapeza tonse tili mukatoni, kalikonse ndi mayina awiri ndi tsiku. Anaimba nthungululu pakhonde pomwepo.

Msomali uja ndinaupachika pamwamba pa chitseko cha shopu, wakuda ndi mwaye wa zaka 11. Mukadzadutsa pa Nchalo, tsikani mudzauone, ndipo mubwere ndi kathabwa kanu tikulembereni dzina.