Mphekesera za “Windows 12”: Kompyuta Yanu Yakale Sinafe, Musathamangire Kugula Ina

Nandolo akagulitsidwa ndipo ndalama zikayamba kuoneka m'matumba kuno ku Milange, ogulitsa makompyuta a kaunjika nawonso amachuluka. Nthawi ino akubwera ndi nkhani ziwiri zomwe zikuyendanso pa WhatsApp mbali zonse za malire, kuno kwathu ndi ku Muloza. Yoyamba ikuti makompyuta onse akale a Windows 10 azima okha posachedwapa. Yachiwiri ikuti kwatuluka mtundu watsopano wotchedwa “Windows 12”, ndipo amene sagula msanga atsalira m'mbuyo. Nkhani zonse ziwirizi zili ndi kambewu ka choonadi, koma mankhusu ndi ochuluka. Tiyeni tipete.

Choonadi chake n'chakuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, patatha zaka 10 chiitulutsireni mu 2015. Tsiku lomwelo inasiyanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, mapulogalamu omwe ambiri amalembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Kusiya kusamalira sikutanthauza kuzimitsa ayi. Kompyuta ikuyakabe, Word ndi Excel zikutsekukabe, makina osindikizira akugwirabe ntchito. Chomwe chatha ndi zigamba zomwe Microsoft inkatumiza mwezi uliwonse kudzera pa intaneti zotsekera mabowo omwe akuba amalowerapo. Zili ngati nkhokwe yomwe mwini wake waleka kuimata: chimanga chilimo ndithu, koma chaka ndi chaka makoswe amapeza polowera. Windows 7 inasiyidwa chimodzimodzi mu Januwale 2020, koma mpaka lero mukhoza kuipeza ikugwira ntchito m'mashopu ojambulitsira mapepala.

Za “Windows 12” ndiye mphekesera zenizeni. Olemba nkhani za makompyuta akhala akuilosera kwa zaka zingapo, koma Microsoft sinatulutse chinthu cha dzina limenelo. Yomwe ilipo ndi Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021. Munthu akakuonetsani laputopu yolembedwa “Windows 12” pagalasi, dziwani kuti wangosintha chithunzi, kapena waikamo pulogalamu yosadziwika komwe yachokera. Zoterezi zinachitikapo kale: mu 2021, Windows 11 isanatuluke, pa intaneti panadzaza mafayilo abodza a dzina lake omwe anali ndi mavairasi m'kati. Komanso pa nkhani ya mayina, ngakhale eni ake amasintha mawu. Mu 2015 mmodzi wa antchito a Microsoft ananena pamsonkhano kuti Windows 10 ndiyo yomaliza, koma patangopita zaka 6 kunabwera ina. Nanga wogulitsa wa pamsika angadziwe bwanji zomwe kampaniyo sinalengeze?

Pomwe pagona nkhani kwa ife ndi apa. Windows 11 ndi yaulere kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka, koma siilola kompyuta iliyonse. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yatsopanoko. Kwa ya Intel, ndiye kuyambira m'badwo wa nambala 8, womwe unayamba kutuluka mu 2017. Makompyuta a HP, Dell ndi Lenovo omwe amatipeza kudzera ku Limbe, Mocuba kapena Quelimane nthawi zambiri amakhala otsika mtengo chifukwa maofesi a kunja anawataya pokonzekera kusinthaku. Ndi olimba, ena mwa iwo kuposa atsopano otchipa, koma ambiri ndi a m'badwo wa 4, 5 kapena 6.

Kudziwa m'badwo sikufuna katswiri. Musakhulupirire kapepala komata kolembedwa “Core i5” kapena “Core i7”, chifukwa mayina amenewa akhalapo zaka zoposa 15. Yatsani kompyutayo pamaso pa wogulitsa, mulowe pa Settings, System, About, kapena ngati ili m'Chipwitikizi pa Definições, Sistema, Acerca de. Muona mawu ngati i5-6300U kapena i5-8250U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo m'badwo: yoyambayo ndi ya m'badwo wa 6 ndipo Windows 11 siilandira, yachiwiriyo ndi ya m'badwo wa 8 ndipo imalandiridwa. Zatsopano kwambiri zimayamba ndi 10, 11, 12 kupita m'tsogolo. Wogulitsa akakana kuti muyatse, kapena akati batire latha ndipo chaja waiwala, ikani meticais anu m'thumba.

Pali chinyengo china chovuta kuchiona. Amisiri ena amadziwa njira yokakamizira Windows 11 kulowa m'kompyuta yakale yosayenera. Imayaka bwinobwino, ndipo mtengo amaukweza. Koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotere ilibe chitsimikizo cholandira zigamba zachitetezo. Choncho kuona Windows 11 pagalasi si umboni woti makinawo ndi atsopano. Umboni ndi nambala ija.

Nanga amene muli nayo kale? Zimatengera ntchito yake. Mlembi wa bungwe la alimi amene amangolembamo mayina a mamembala, makilogalamu a soya ndi ngongole za feteleza, osailumikiza ku intaneti, alibe chifukwa chotayira tulo. Mdani wake wamkulu ndi fulashi yomwe yayenda m'mashopu atatu osindikizira, komanso kuthimathima kwa magetsi. Asunge kope lina la mafayilowo pa fulashi yosabwereketsa. Koma amene amalowa pa akaunti ya ku banki, kapena amene amasunga zithunzi za ziphaso za anthu pa kompyuta yolumikizidwa ku intaneti tsiku lililonse, ameneyo aganize mofatsa. Microsoft inapereka chaka chimodzi chowonjezera cha zigamba kwa eni makompyuta a pakhomo, kufikira pa 13 Okutobala 2026, kwa okhawo amene alembetsa, ndipo Windows 10 yawo iyenera kukhala ya mtundu wa 22H2. 

Njira ina ndi kuchotsa Windows n'kuikamo Linux, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba. Mtundu wake wodziwika ndi Ubuntu, womwe anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi lija ife timati umunthu. Imagwira ntchito ndi LibreOffice, yomwe imatsekula mafayilo a Word ndi Excel. Vuto lake n'lakuti amisiri oidziwa ndi ochepa m'madera athu, ndipo makina ena osindikizira amavuta kulumikiza, ndiye funsani kaye musanafufute chilichonse.

Ambiri amene akufuna “mtundu watsopano” chomwe chikuwasowetsa mtendere ndi kuchedwa kwa kompyuta, osati dzina la Windows. Pamenepo mankhwala ndi otchipa kuposa kugula ina: kusintha hard disk yakale n'kuikamo SSD, ndi kuwonjezera RAM kufika pa 8 GB. Laputopu yomwe inkatenga nthawi yowiritsira tiyi kuti iyake imayamba kuyaka musanakhale pansi bwino. Mukapita nayo kwa mmisiri, muuzeni akubwezereni hard disk yakaleyo m'manja, chifukwa mafayilo anu onse amakhala adakali momwemo.