Mwasamukira kunyanja? Sankhani doko musanaponde madzi

Mwezi wathawu kunyumba kwanga kuno ku Chia kudafika mayi wina wachitsikana, mwana wa zaka zitatu ali kumsana, beseni la zochapa lili pamutu. Amuna ake ndi aphunzitsi, angowasamutsira kumene kuno kuchokera ku Ntchisi. Funso lake lidali lalifupi: "Amayi, kodi doko lapafupi ndi liti?"

Ndidamuyalira mphasa nkumuuza kuti atule kaye beseni lakelo. Doko lapafupi ngakhale mwana akhoza kukulozerani. Chofunika kufunsa nchakuti doko labwino ndi liti, ndipo ndi labwino pa ntchito yanji.

Lero ndati ndicheze ndi inu nonse amene mwangosamukira m'mbali mwa nyanja: aphunzitsi, apolisi, anamwino anzanga, a geni ya nsomba, komanso inu akamwini ndi atengwa amene banja lakubweretsani kuno.

Nzeru imeneyi sindidaipeze m'mabuku a unamwino. Ndidaitola kwa mlongo wanga yemwe adagwirapo ntchito ya usilikali ku Senga Bay m'boma la Salima, komwe kuli asilikali athu odumpha m'ndege ndi parachuti, ija ena amangoti ambulera. Iye ankakonda kunena kuti anthu amaopa kudumpha, chonsecho chimavulaza munthu ndi potera. Ndege isananyamuke, wina amayamba wakayendera malo oterapowo. Kodi pali mitengo, mawaya a magetsi kapena madzi pafupi? Mphepo ikuchokera kuti ndipo ndi yamphamvu bwanji? Wina akathyoka mwendo, galimoto yomunyamula ili pomwepo? Pamwamba pa zonsezi, wodumpha aliyense amanyamula maparachuti awiri, kuti ina ikakana kutseguka inzake imupulumutse.

Kunjaku kuli anthu amene amadumpha chonchi ngati masewero. Ku South Africa, komwe kuli ana athu ambiri, malo otere alipo ku Carletonville kufupi ndi Johannesburg komanso ku Cape Town, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Parachute Association of South Africa. Wodumpha wanzeru akasamukira kudera lachilendo sathamangira malo apafupi kapena otchipa ayi. Amayendera malo awiri kapena atatu nkumayerekeza. Ophunzitsa ali ndi ziphaso? Parachuti yachiwiri ija adaipinda ndani, ndipo liti? Mphepo ikakula amaimitsa kudumpha ngakhale anthu atalipira kale? Amafunsiratu ali pansi, chifukwa munthu amene akugwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola sangabwererenso m'ndege kukafunsa zomwe adaiwala.

Ife kuno sitidumpha m'ndege, koma tsiku ndi tsiku timalowa m'madzi kukachapa, kukasamba, kukagula nsomba ndi kuoloka. Potera pathu ndi padoko, ndipo madoko safanana.

Dziwani kaye kuti ku Chia kuli madzi a mitundu iwiri. Kuli nyanja yaing'ono ya Chia, yotalika ndi kutambalala masikweya kilomita pafupifupi 17, yomwe imalandira madzi a mitsinje yochokera kumapiri a ku Ntchisi monga Lifuliza. Madzi ake ndi odekha ndipo m'mbali mwake muli bango ndi matope. Kenaka kuli nyanja yaikulu ya Malawi, ya mchenga ndi mafunde. Ziwirizi zimalumikizana kudzera pamtsinje waufupi uja mumaoloka pamlatho wa msewu wa M5, pamene mumagula chambo paja. Kumadzi odekha kumachuluka nkhono, ng'ona ndi mvuu. Kunyanja yaikulu mdani wamkulu ndi mphepo. Doko labwino kugulirapo nsomba likhoza kukhala loipa kusambitsirapo mwana.

Choyamba, funsani eni dera, ndipo funsani bwino. Mukangoti "kodi pano mpabwino?" aliyense adzati mpabwino, poti iye adazolowera. Funsani kuti: "Kodi munthu womaliza kumira kapena kugwidwa ndi ng'ona pano adagwidwa liti, mwezi wanji, nthawi yanji, akuchita chiyani?" Funso limeneli mufunse anthu atatu osiyana: amayi ochapa padokopo, msodzi wachikulire kapena wa komiti ya asodzi ija amati BVC, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Mayankho awo akasiyana, tsatirani la amene wakuopsezani kwambiri. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, pitani mukadzionere nokha, opanda zochapa komanso opanda mwana. Pitani m'mawa, masana ndi madzulo. Onani ngati bango lili pafupi ndi pamene anthu amaima, chifukwa ng'ona imabisala m'bango ndi m'madzi akuda. Onani ngati pamatope pali mkwekwe wa mimba ya ng'ona, kapena mapazi ndi ndowe za mvuu. Onaninso ngati anthu amataya matumbo a nsomba m'madzi pomwepo, popeza kutero nkuitana ng'ona. Nyama imeneyi ndi yodekha ndipo imaphunzira chizolowezi cha munthu. Mayi amene amagwada pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, tsiku lililonse, amakhala akudziika pangozi. Mvuu nayo imatuluka usiku kukadya udzu nkubwerera m'bandakucha. Musadzayerekeze kudutsa pakati pa iyo ndi madzi.

Tengani ndodo yaitali mupime pansi pa madzi. Madoko ena amatsetsereka pang'onopang'ono, ena mumangoyenda mapazi atatu basi mwagwera m'phompho. Kumbukiraninso kuti doko limasintha ndi nyengo. M'chaka cha 2024 nyanja idakwera kwambiri nkumiza mchenga ndi nyumba zina za m'mphepete, moti malo amene ana ankasewerapo adasanduka akuya. Zimene mwaona mwezi wa Okutobala mukazionenso mwezi wa Malichi.

Chachitatu, yang'anani nkhono. Apa ndiye ndilankhule ngati namwino. Likodzo limayamba munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi. Mazira a tizirombo amaswa, tianato nkulowa m'nkhono zing'onozing'ono zokhala pa udzu ndi pansi pa madzi, kenaka nkutuluka ndi kuboola khungu la amene walowa m'madzimo. Simumva kuwawa, ndipo simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Tizirombo timeneti timachuluka masana dzuwa likatentha, nthawi yomwe ana amakonda kusambira. Doko la mchenga, la mafunde ndi lotalikirana ndi nyumba limakhala ndi nkhono zochepa kusiyana ndi la madzi osayenda, koma palibe doko limene ndingalumbire kuti lilibiretu likodzo.

Mwana akayamba kukodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo, musamvere zoti ndi chizindikiro cha kukula. Pitani naye kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi sikelo kapena msinkhu wa munthu, ndipo amwedwe mutadya. Akamagawa kusukulu, lolani ana anu alandire. Inu maanja achinyamata, tcherani khutu apa. Kwa amayi likodzo limatha kuyambitsa zilonda kumalo obisika, kutaya magazi ndi kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi abambo. Ndaona maanja akutukwanizana pabenchi la chipatala, wina kunena mnzake kuti wabweretsa matenda a kunjira, chonsecho wolakwa ndi nkhono ya padoko. Musanalozane zala, kayezetseni nonse ndipo muwauze achipatala kuti mumasamba kunyanja.

Madzi osambitsa mwana, ngati mjigo uli kutali, tungani nkuwasunga m'ndowa yovindikira kwa masiku awiri, kapena muwatenthetse bwino nkuwasiya azizire. Tizirombo ta likodzo sitikhalitsa kunja kwa thupi la munthu.

Chachinayi, funsani kuti chimbudzi chili kuti. Doko lodzaza ndi asodzi ndi ogula nsomba koma lopanda chimbudzi, dziwani kuti chimbudzi chake ndi madzi omwewo. Sitidaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Madzi akumwa tungani pamjigo kapena pampopi, ndipo ngati mwakakamizika kumwa a kunyanja, wiritsani kapena thiranimo kolorini.

Chachisanu, yerekezani eni maboti monga muja wodumpha amayerekezera eni ndege. Khalani padoko tsiku limodzi nkumangoonerera. Ndani amakweza anthu ndi katundu mpaka madzi kufika m'milomo ya boti? Ndani ali ndi majekete oyandamitsa munthu, nkhafi zapadera ndi chokapira madzi? Ndani amamwa mowa asananyamuke? Koposa zonse, ndani amatha kunena kuti "lero sitipita"? Mwera umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndipo nyengo ya mvula kumabwera mpoto ndi namondwe wadzidzidzi. Woyendetsa boti amene amabweza ndalama za anthu chifukwa cha mphepo, ameneyo ndiye mumugwiritse.

Nyanja ino siiona kukula kwa chombo. M'chaka cha 1946 sitima ya Vipya idamira ndi mphepo kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 adafa. Mu Epulo 2017 boti lodzaza anthu lidagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi nkutenga miyoyo. Mu Meyi 2023 mvuu idagunda bwato lonyamula anthu 37 pamtsinje wa Shire ku Nsanje ndipo oposa 20 adasowa m'madzi. Mukaona kuti bwato ladzaza, tsikani. Kuchedwa kumaliro kuli bwino kusiyana ndi kuonjezera maliro ena.

Chachisanu ndi chimodzi ndi parachuti yanu yachiwiri: zitavuta, mutani? Kuchokera padokopo kukafika pamsewu wa M5 mpamtunda wautali bwanji? Foni imagwira? Muli ndi nambala ya wakabaza wanjinga yamoto amene angadzuke usiku? Kuchokera ku Chia kukafika kuchipatala chachikulu cha boma ku Nkhotakota kapena cha St Anne's ndi makilomita oposa 20, choncho mphindi zoyambirira zili m'manja mwanu.

Munthu akamamira musamudumphire ngati simudaphunzire kupulumutsa anthu, chifukwa mudzamira awiri. Mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe, kapena mutambasulireni nsungwi. Mukamuvuula musamuzondotse kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi, mukungotaya nthawi. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada, pendeketsani mutu chambuyo pang'ono, muuzireni mpweya m'kamwa, kenaka dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 nkuuziranso kawiri, kubwerezabwereza mpaka ayambe kupuma kapena thandizo lifike. Akatsitsimuka mgonekeni cham'mbali, mfunditseni, ndipo mupite nayebe kuchipatala, poti madzi olowa m'mapapo amatha kuvuta patapita maola angapo. Wolumidwa ndi ng'ona, psinjani bala ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke ndipo thamangirani kuchipatala ngakhale bala lioneke laling'ono, chifukwa mabala a ng'ona sachedwa kuola.

Mwina mukuti agogowa akuchulutsa gaga m'diwa. Ndikugwira ntchito pachipatala china cha m'mbali mwa nyanja, tsiku lina masana adandibweretsera mwana wa zaka ziwiri atamukulunga m'chitenje chonyowa. Makolo ake adali asanathe ngakhale mwezi m'deralo. Mayi ake adapita padoko lakuseri kwa nyumba yawo, pamene eni mudzi sankachapapo chifukwa cha phompho. Adangotembenuka kuti ayanike malaya pachitsamba. Sadamve kulira kulikonse, chifukwa mwana akamamira sakuwa. Tidayesetsa, koma zidakanika. Mawu amene mayiyo ankabwereza pakhonde paja ndi akuti: "Palibe adandiuza." Nayenso sadafunse aliyense.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali mwana wosakwana zaka zisanu. Mwana wamsinkhu umenewu akakhala pafupi ndi madzi azikhala poti dzanja lanu limufikire. Musamusiyire mkulu wake wa zaka zisanu ndi zitatu, nayenso ndi mwana. Ngati zochapa zachuluka, gwirizanani ndi amayi anzanu kuti wina aziyang'anira ana kumtunda pamene ena akuchapa.

Abambo, nkhaniyi si ya amayi okha. Pofuna nyumba ya lendi mumafunsa za mtengo, magetsi ndi msika. Funsaninso za madzi. Loweruka loyamba mutasamuka, tenganani ndi akazi anu mukayendere madoko onse a pafupi, mugwirizane kuti apa mpogulira nsomba, apa mpochapira, apo ana asadzapondepo. Lamulolo muwauze ana, wantchito, ndi alendo ochokera kumtunda amene amafika ndi chidwi chofuna kusambira tsiku lomwelo.

Mayi uja ndidakumana naye sabata yatha pamsika wa pamlatho. Akuti madzi akumwa ndi osambitsa mwana akutunga pamjigo wa pasukulu ngakhale pamakhala mzere wautali, ndipo akuchapira padoko la mchenga lomwe amayenda mphindi 20 kuti akafike, limodzi ndi amayi anzake atatu. Adadandaula kuti miyendo ikumuwawa. Ndidayang'ana kamwana kake kakudya chimanga chootcha kumsana kuja, nkumuuza kuti miyendoyo izolowera.