Kutsogolera gulu pa Clash of Clans si masewera

Anzathu ena amaganiza kuti kukhala mtsogoleri wa gulu pa Clash of Clans n'kungotchuka basi. Ayi ndithu. Gemuyi inatulutsidwa mu 2012 ndi kampani ya Supercell ya ku Finland, ndipo gulu limodzi, lomwe amati klani, limatha kufika anthu 50. Pamwamba pali mtsogoleri, kenako omuthandiza, akuluakulu, ndi mamembala wamba.

Ntchito yeniyeni imaoneka pa nkhondo ya maklani. Tsiku loyamba ndi lokonzekera, lachiwiri ndi lomenyana, ndipo aliyense wolowetsedwa amaukira kawiri kokha. Wosankha olowa ndi mtsogoleri ndi omuthandiza ake. Apa ndiye pamavuta. Ukaika munthu yemwe bandulo yamuthera, kapena amabwereka foni ya achimwene ake omwe apita nayo kunyanja, mipata iwiri ija yapita pachabe ndipo gulu lonse lingagonje. Zili ngati siginala wa usipa ku Senga Bay: akalakwitsa poika nyali, alovi onse amabwerera chimanjamanja.

N'chifukwa chake mtsogoleri amafunsa kaye pa WhatsApp: ndani ali ndi chaji, ndani ali ndi bandulo mawa? Wosayankha asalowe, ngakhale mukhale pa desiki imodzi m'kalasi. Adzakwiya, inde, koma nkhondo ina ikubwera.

Nkhondo muziyambitsa Lachisanu madzulo kuti kumenyana kugwere kumapeto kwa sabata, osati nthawi ya sitade. Ndipo inu a Folomu 4, mayeso a MSCE akayandikira perekani utsogoleri kwa mmodzi mwa okuthandizani. Ingosankhani wodalirika, chifukwa mukapereka, kubweza kumadalira iyeyo.