Munda wa M'madzi M'nyumba: Madzi a Mulanje ndi Nsomba za Kunyanja

Awerengi athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amaidziwa mbuna ngati kansomba kosathandiza ka m'miyala, kamene msodzi sakawerengera pomwe pali chambo ndi utaka. Komatu ku Germany, ku America ndi ku Japan kansomba komweko amakasunga m'mathanki agalasi pabalaza, nakagula ndi ndalama zambiri. Malemu Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007, anakhala zaka zambiri ku Senga Bay akutumiza nsomba zamoyo kunja pandege, mpaka nsomba ina anaipatsa dzina lake, Aulonocara stuartgranti.

Ife kuno ku Limbuli, pafupi ndi chipata cha Muloza, nyanja ili kutali. Tsono banja lofuna kuti ana aziona nsomba zamoyo m'nyumba liyenera kuyamba ladzifunsa funso limodzi lisanagule galasi: kodi tikufuna munda wa zomera, kapena kachigawo ka nyanja? Ziwirizi siziyenda bwino pamodzi, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi madzi.

Madzi otsika m'phiri la Mulanje ndi a mvula, odutsa pa matanthwe osasungunuka msanga, choncho alibe laimu wambiri. Nthaka yathunso ndi ya asidi, n'chifukwa chake tiyi amakondwa kuno. Madzi otere zomera zambiri za m'thanki zimawakonda. Luso lokonza thanki ngati munda analitchukitsa ndi Takashi Amano wa ku Japan, amene buku lake Nature Aquarium World linatuluka mu 1992. Iye ankayala miyala, mitengo ndi zomera ngati akujambula dambo kapena phiri, nsomba n'kubwera pambuyo. Koma madzi a m'nyanja ya Malawi ndi osiyana: pa sikelo ya pH amakhala cha pa 8, ndipo ndi ofunda, pakati pa madigiri 24 ndi 28. Mbuna yoikidwa m'madzi a mumtsinje wa Muloza nthawi ya chiperoni cha Juni imafooka n'kudwala.

Tiyambe ndi munda, popeza ndiwo woyenera madzi athu. Thanki ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu imalowa malita 160. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye mukawonjeza galasi, mchenga ndi miyala mufika pa makilogalamu 200, kulemera kwa matumba anayi a chimanga. Katebulo ka tiyi sikangathe. Muiike posafika dzuwa lachindunji, kuopa ndere.

Pansi yalani mchenga wokhakhala wa mumtsinje, wotsukidwa mpaka madzi ayere, wochepa kutsogolo koma wokwera chakumbuyo kuti diso lione ngati malowo ndi akuya. Mwala uliwonse udonthezereni viniga: ukachita thovu, uli ndi laimu ndipo usintha madzi, usungireni mbuna. Ife timakonda miyala 3 kapena 5 yosiyana kukula, waukulu uli chapambali pang'ono. Mwala woima pakatikati umaoneka ngati chiliza.

Kubzala kumachitika madzi ali ochepa. Vallisneria, udzu wa masamba aatali ngati lamba umene asodzi amaudziwa m'malo osaya a mchenga m'nyanja, ubzaleni kumbuyo, mizu yokha ndiyo ilowe mumchenga, tsinde likhale pamtunda. Anubias wochokera ku West Africa ndi Java fern sakwiriridwa; amamangidwa ndi ulusi pa mwala kapena pa mtengo mpaka mizu itagwira yokha. Ukakwirira tsinde lake, limaola. Zomera zotengedwa mumtsinje muziyang'ane tsamba ndi tsamba n'kuchotsa nkhono ndi mazira ake, pakuti nkhono zina za m'madzi ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Pothira madzi ikani mbale pamchenga kuti ntchito yanu isagumuke. Madzi a pampopi agone kaye tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini achoke. Nyale iyake maola 8 patsiku.

Pamene ambiri amagwa m'poti nsomba amaziika tsiku lomwelo. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimasanduka amoniya, amene ndi poizoni. Pali mabakiteriya abwino okhala mumchenga ndi m'sefa amene amasandutsa amoniyayo kukhala chakudya cha zomera, koma kuti achuluke pamatenga milungu 4 mpaka 6. Ana adzakufunsani tsiku ndi tsiku kuti nsomba zibwera liti. Apatseni ntchito yowerenga masamba atsopano. Nthawi ikakwana yambani ndi tinsomba tochepa, monga timatemba ta m'mitsinje, ndipo mlungu uliwonse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthira atsopano.

Nanga iwo amene mtima wawo uli pa mbuna, poti kwawo n'kunyanja? N'zotheka, koma aiwale za munda wobiriwira. Mbuna imakumba mchenga, imazula ndi kubudula zomera. Anubias ndi Vallisneria ndizo zimapirirako. Miyala ikhale yambiri, yokhazikika pansi penipeni mchenga usanathiridwe, kuti nsomba ikakumba mwala usagwere galasi. Zigoba zophwanya kapena miyala ya laimu zimawonjezera mchere umene madzi athu alibe, ndipo m'nyengo yozizira chotenthetsera madzi n'chofunika. Amuna ndi andewu, choncho mwamuna mmodzi akhale ndi akazi 3 kapena kuposa, ndi mapanga othawirako. Chakudya chawo ndi ndere za pamiyala. Zanyama zikachuluka zimawatupitsa mimba. Mphotho yake ndi kuona mayi akusunga mazira ndi ana m'kamwa pafupifupi milungu 3 osadya. Musazigwire m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear.

Zomera zikakula mudzazidulira, ndipo zodulidwazo muziumitse padzuwa n'kuzitentha, osazitaya mumtsinje. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa. Onani mmene wavutitsira asodzi ndi makina a magetsi a ku Nkula mumtsinje wa Shire. Chimene chagwera mu Muloza chimalowa mu Ruo, ndipo Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo.