Chingwe cha pampu chikalimba, musalimbane nacho

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, tomato wanga wa kudimba kuno kwa Kasakula anakhala masiku anayi osamwa madzi. Pampu inalipo, petulo analimo, koma chingwe cholizira injini ukachikoka chimaima pakati ngati wina wachigwira mkati, kenaka n'kubwerera mwaukali. Mdzukulu wanga anatupa nacho dzanja. Makaniko wina anandigulitsa pulagi, mawa lake chingwe, pomaliza akuti, "Bambo, injiniyi yatha, gulani ina." Amene anadzatithandiza ndi mnyamata wokonza njinga zamoto, ndipo sanathe ndi ola lomwe. Zimene anandionetsa ndati ndikuuzeni, chifukwa injini zomwezi zili m'madimba ndi m'majenereta ku Nkhotakota, ku Chia mpaka ku Senga Bay.

Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo. Kupanikizako n'kumene kumapatsa injini mphamvu, komanso n'kumene kumalimbitsa chingwe. Pofuna kupeputsa dzanja, injini ngati Honda GX160 ndi zinzake zofanana nayo zochokera ku China zili ndi kachitsulo kokhala ndi kasipuling'i pa camshaft. Mukamakoka chingwe, kachitsuloko kamatukula pang'ono vavu yotulutsa utsi kuti mpweya wina uthawe. Injini ikalira n'kuyamba kuthamanga, kamapatuka kokha, vavu n'kumatseka bwinobwino.

Tsono kutukulako n'kochepa zedi. Pakati pa mutu wa vavu ndi kachitsulo koikankha pamakhala kampata. Injini ikagwira ntchito nthawi yaitali kampatako kakhoza kukula, ndipo kakakula vavu sitseguka konse pokoka chingwe. Mpweya wonse umatsekeredwa, inu n'kumalimbana nawo ndi mkono. Vuto la pampu yanga linali lomweli.

Musanamasule zambiri, yambani chonchi. Zimitsani switchi, chotsani pulagi, mukoke chingwe pang'onopang'ono, kutali ndi moto. Chikakhala cholimbabe, vuto si mpweya: mwina mchenga kapena kamwala kagwira chopalasa madzi m'pampu, mwinanso pisitoni yauma chifukwa chosowa oyilo. Pabowo la pulagi pakatuluka madzi, petulo kapena oyilo, ndiye kuti zimenezo n'zimene zimaletsa pisitoni kukwera; zitulutseni zonse, musinthe oyilo. Koma chingwe chikapepuka ndipo pabowo n'pouma, pitani ku mavavu.

Dikirani injini izizire. Masulani mabauti anayi a chivundikiro cholembedwa OHV. Zungulitsani injini ndi dzanja mpaka pisitoni ifike pamwamba penipeni mavavu onse awiri atatseka. Yezani kampata kaja ndi timapanga topyapyala totchedwa feeler gauge. Pa GX160 yakale, vavu yolowetsa imafuna 0.15 mm, yotulutsa utsi 0.20 mm, koma pa yatsopano onani manambala m'kabuku kake. Kampeniko kazilowa mokhulako pang'ono, osati mokakamiza, osatinso mokhwepa. Mukamanga nati, yezaninso, chifukwa pomanga mpata umasuntha. Injini yanu ikakhala ya mtundu wina, onani manambala m'kabuku kake, musangoyerekeza ndi maso.

Mukatero zungulitsaninso pang'onopang'ono mukuyang'ana vavu yotulutsa utsi. Pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, vavuyo izigwedera kamodzi ngati munthu wovomera ndi mutu. Ikapanda kugwedera mpata uli bwino, ndiye kuti kasipuling'i kaduka kapena kachitsulo kaja kamatirira. Apa m'pofunika makaniko wodziwa kutsegula injini, koma chosintha ndi camshaft yokha, osati injini yonse. Vavu ikamagwedera koma chingwe n'kumabwezabe, auzeni aone kakiyi ka flywheel. Kakaduka, moto umabwera pisitoni isanafike.

Injini za dizilo zolizira handulo, ngati za kuchigayo, ntchito imeneyi mumaigwira nokha ndi kaliva. Kanikizani, zungulitsani handulo mpaka gudumu lithamange, kenaka kasiyeni. Chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zinzake, chisakulunge handulo, chifukwa ikabweza imathyola. Injini ikamazungulira mopepuka ngakhale mutasiya kaliva, osalira, onani ngati kalivako sikakugwirabe vavu. Komanso musazolowere kuzimitsira injini kaliva, mumaononga vavu.

Abale anga a kunyanja, injini za boti zothira petulo wosakaniza ndi oyilo, ngati Yamaha Enduro, zilibe mavavu oterewa, choncho musavutike kuwafuna. Chingwe chikakana, onani kaye ngati giya ili pa N, kenaka chotsani mapulagi muone ngati mwalowa madzi. Koma jenereta kapena pampu ya petulo wosasakaniza imene muli nayo kunyumba, zonse ndanenazi zikuikhudza.

A Honda amalangiza kuyeza mavavu kamodzi pachaka kapena injini ikagwira maola 300. Ine tsopano ndimayeza mu Meyi, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ntchito ya kudimba isanayambe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikadadekha tsiku loyamba lija n'kuchotsa pulagi, bwenzi mizere ya tomato ya kumtunda isanaume, ndiponso mwana uja akadapita kusukulu dzanja lili bwino.